Nkhuku ya Shilpa Shetty ndi tsankho lomwe linagwedeza Britain

Mu Januwale 2007, m'nyumba ina ya ku Elstree, chakumpoto kwa mzinda wa London, mayi wina wochokera ku India anaphikira anzake nkhuku. Anzakewo anati sinapse. Ikanakhala nyumba wamba, bwenzi ataibwezera pamoto nkhani n'kuthera pomwepo. Koma nyumba imeneyi inali ndi makamera ngodya iliyonse, aliyense atavala kachimkuzamawu pachifuwa, ndipo anthu mamiliyoni ankaonerera madzulo alionse pa kanema wa Channel 4. Pulogalamu yake inali Celebrity Big Brother, wophikayo anali Shilpa Shetty, katswiri wa mafilimu a ku India.

Jo O'Meara, amene anatchuka poimba m'gulu la S Club 7, anati n'chifukwa chake anthu a ku India amakhala owonda: saphika zakudya mpaka kupsa, ndiye amangodwaladwala. Danielle Lloyd, yemwe anakhalapo chiphadzuwa cha dziko la Britain, ataona Shilpa akugwira chakudya ndi manja anafunsa ngati kudya ndi manja n'kwa ku India kapena ku China, n'kuwonjezera kuti munthu sungadziwe komwe manjawo achokera.

Ife amene timakanya mbamu ya nsima m'dzanja tsiku ndi tsiku, titasamba bwinobwino, mawu amenewa sitifunika wotimasulira. Sankanena za nkhuku. Ankanena kuti munthu wa mtundu uwu ndi wauve, ndipo uve wakewo ndi wa mtundu wonse.

Amene anaonerapo Big Brother Africa akuidziwa kale nyumba yotere. Anthu amatsekeredwa kwa masabata angapo opanda foni, nyuzi kapena wailesi, ndipo oonera amavota kuti atuluke ndani. Pulogalamuyi anaiyambitsa ndi John de Mol ku Netherlands mu 1999, kampani ya Endemol n'kuigulitsa m'maiko ambiri. Kuno kwathu inafika mu 2003, chaka chomwe Cherise Makubale wa ku Zambia anapambana, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Malawi analetsa TVM kuionetsa ati ikuononga chikhalidwe, mpaka khoti lalikulu linachotsa chiletsocho. Ya ku Britain ya 2007 inangosiyana poti olowa m'nyumbamo anali anthu otchuka kale, olipidwa kuti alowe.

Shilpa Shetty anali ndi zaka 31. Ku Mumbai sakanayenda mumsewu osazingidwa ndi anthu, koma azungu ambiri a ku Britain anali asanamvepo dzina lake. Amene dziko lonse linkamudziwa anali Jade Goody, wa zaka 25, wokulira ku Bermondsey, dera la anthu osauka ku London. Jade anali mwana wa pulogalamu yomweyi. Analowa Big Brother mu 2002 ali wothandizira dokotala wa mano, manyuzipepala anamunyoza n'kumamutcha nkhumba, anthu ankamuseka chifukwa chosadziwa zinthu zomwe mwana wa pulayimale amadziwa, koma atatuluka anasandutsa kusekedwako kukhala chuma: mapulogalamu akeake, buku la moyo wake, mafuta onunkhira a dzina lake. Mu 2007 opanga pulogalamu anamubwezamo patapita masiku ochepa chiyambire, limodzi ndi mayi ake, a Jackiey Budden, ndi chibwenzi chake Jack Tweed. Anakonzanso kasewero koti ena mwa am'nyumbamo akhale antchito a banja la Jade. Munthu sachita kukhala mlosi kuti adziwe zomwe kasewero kotere kamabala.

Zinayambira pa dzina. A Jackiey ankati dzina loti Shilpa likuwavuta kutchula, ndipo m'malo moliphunzira anangoyamba kumutchula kuti "Mmwenye uja". Dzina la maphatikizo awiri okha, Shil-pa. Iwo atatulutsidwa ndi mavoti, Jade, Danielle ndi Jo anakhala gulu limodzi. Ankayerekezera kalankhulidwe ka Shilpa n'kumaseka, ankamunena akangotembenuka. Kenako panabuka mkangano waukulu pa nkhani ya timibulu tokometsera ndiwo ta Oxo pa mndandanda wa zogula. Jade anakalipa kwa nthawi yaitali, akutukwana, akumuuza kuti ndi wabodza, wodzimva, ndi kuti apite akakhaleko tsiku limodzi m'makomboni. Danielle ndi Jo ankangoseka chapambali. Mkangano utatha Danielle ananena, motukwana, kuti Shilpa angobwerera kwawo, n'kuti ngakhale Chingerezi satha kulankhula bwino. Jade naye, pomunena kwa ena, anamupatsa dzina loti "Shilpa Poppadom". Poppadom ndi kachakudya kopyapyala kokhukhuta komwe amaika patebulo m'malesitilanti a Amwenye. Zili ngati munthu wakunja alephere dzina la bambo ako n'kungokutcha Chikondi Nsima.

Pa zonse zomwe zinaonetsedwa madzulo amenewo, palibe amene anamveka akutchula liwu lenileni lija lomwe azungu a ku Britain amatukwanira nalo anthu a ku India ndi Pakistan. Pamenepa ndi pomwe panagona mkangano wa dziko lonse. Mkulu wa Channel 4 panthawiyo, a Andy Duncan, anati n'kovuta kunena motsimikiza ngati zomwe zinkachitikazo zinali tsankho la mtundu kapena kusiyana chabe kwa chikhalidwe ndi kakulidwe. Ena ankati ndi nsanje ya atsikana kwa mnzawo wokongola. Enanso ankati Shilpa ndi mwana wa kubanja lolemera, wozolowera kutumikiridwa, ndipo kulankhula kwake kofatsa kunkamveka ngati kudzikweza kwa mtsikana wokulira mu umphawi ngati Jade. Paja Shilpa naye, mkangano utafika pakolasinasi, anauza Jade kuti akufunika kuphunzitsidwa kalankhulidwe.

Zonsezi zili ndi choonadi chake, koma siziyankha funso. Anthu amadana pa zifukwa zambiri, ndipo nsanje ingakhale chiyambi. Chofunika kuona n'choti munthu akakwiya amatola chida chanji. Atsikana atatu aja akanatha kunena kuti Shilpa ndi wonyada n'kulekera pomwepo. Iwo anatola dzina lake, chakudya cha kwawo, manja ake, katchulidwe kake ka mawu, n'kumaliza ndi kumuuza kuti abwerere kwawo. Chilichonse mwa zimenezi sichikhudza Shilpa yekha, chimakhudza aliyense wa khungu ngati lake.

Amene anazindikira msanga anali anthu a ku Britain omwe makolo awo anachokera ku India, Pakistan ndi Bangladesh, a m'mizinda ngati Leicester, Bradford ndi Birmingham. Iwowa sanaone zachilendo. Anaona zomwe anakumana nazo pabwalo la sukulu, mphunzitsi akupotoza dzina, anzawo akutseka mphuno pa kamba wochokera kunyumba. Mawu oti "bwerera kwanu" amauzidwa ngakhale munthu wobadwira ku London komweko. Shilpa mwiniwake, polankhula ndi mnzake wina m'nyumbamo, anati iye akuimira dziko lake ndipo anafunsa ngati Britain ya lero ndi imeneyi. Poyamba anavomereza kuti zikuoneka ngati tsankho, kenako anabweza mawuwo n'kunena kuti sakukhulupirira kuti Jade ndi watsankho. Kumbukirani kuti ankalankhula ali m'kati, asakudziwa zomwe zinkanenedwa iye kulibe. Oonera ndi amene ankamva zonse.

Ku Britain kuli bungwe la Ofcom, lomwe ntchito yake ikufanana ndi ya MACRA kuno: limapereka ziphaso kwa nyumba zoulutsa mawu ndipo limalandira madandaulo a anthu. Madandaulo anayamba ndi mazana ochepa, m'masiku owerengeka n'kufika masauzande. Anthu ankatumizirana uthenga pa imelo ndi pa intaneti kuuzana kodandaulira, ndipo pomaliza Ofcom inalandira madandaulo oposa 44,500. Panali pasanakhalepo pulogalamu yodandaulidwa chotere kubungweli, ndipo chiwerengerochi chinadzapitiriridwa mu 2021 pamene muulutsi Piers Morgan ananyoza Meghan Markle, mkazi wa kalonga Harry, pa kanema.

Andale sanachedwe. Phungu wa ku Leicester, a Keith Vaz, anaitengera nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo nduna yaikulu, a Tony Blair, anafunsidwa za Big Brother pamaso pa aphungu. Iwo anati pulogalamuyo sanaionere koma tsankho liyenera kutsutsidwa paliponse. Tsoka linagwera a Gordon Brown, omwe anali nduna ya zachuma. Sabata yomweyo anali ku India kukakamba za malonda, koma atolankhani ankangowafunsa za Jade Goody, mpaka anachita kunena kuti akufuna dziko lawo lizidziwika ndi chilungamo ndi kulolerana. Mumzinda wa Patna anthu anatentha zidole zoimira opanga pulogalamuyo. Kwa Amwenye ambiri, kuona mwana wawo akunyozedwa ndi Angerezi kunatokosa bala la utsamunda, patangotha zaka pafupifupi 60 chilandirireni ufulu mu 1947.

Nanga Channel 4 inkadikira chiyani masiku onsewa?

Yankho lili m'kapangidwe ka mapulogalamu amtunduwu. Amatiuza kuti ndi moyo weniweni, kamera ikungojambula zomwe zilipo. Koma palibe chimene chimangochitika chokha m'nyumba muja. Pali anthu amene amasankha olowa, ndipo sasankha anthu oti akagwirizane. Pali amene amaganiza kuchuluka kwa ndalama zogulira chakudya, podziwa kuti njala imafupikitsa mtima. Pali amene amatsegula kabati ya mowa madzulo. Ndiye pa maola 24 a tsiku, ojambulidwa ndi makamera ambirimbiri, wina amakhala pansi kusankha zokwana ola limodzi. Anthu akamacheza mwamtendere palibe choonetsa. Akayambana, mawa lake dziko lonse likamba zomwezo, ndipo mtengo wa malonda otsatsa umakwera. Pulogalamu ya 2007 inayamba mozizira, oonera akuchepa, otchuka ena atatulukamo okha. Mkangano wa Jade ndi Shilpa ndi womwe unaidzutsa, ndipo usiku womwe Jade anatulutsidwa oonera anali mamiliyoni ambiri kuposa masiku oyamba aja. Sindikunena kuti akuluakulu a Channel 4 anakhala pansi n'kupangana kuti mlendo wawo anyozedwe. Sanafunike kutero. Makina omwe anamanga amadya mikangano, ndipo munthu amene ntchito yake ndi kusaka mkangano wokoma sachedwa kuona tsankho ngati mkangano wokoma basi.

Chomwe chinawagwedeza chinali ndalama. Pa 18 Januwale kampani yogulitsa mafoni ya Carphone Warehouse, yomwe inkathandiza Big Brother ndi ndalama pafupifupi mapaundi 3 miliyoni pachaka, inachotsa dzina lake pa pulogalamuyo. Mashopu ena anatsitsa mafuta onunkhira a Jade pamashelefu. Apa m'pamene mawu a Big Brother anayamba kuitanira atsikana aja m'kachipinda koyankhuliramo paokha, kuwafunsa za mawu awo, ndipo oonera anaona Jade akupepesa Shilpa, awiriwo n'kukumbatirana. Ambiri anakayikira kuti anatsinidwa khutu za moto womwe unali kuyaka kunja.

Pa 19 Januwale anthu anafunsidwa kusankha wotuluka pakati pa awiriwa. Mavoti 82 pa 100 alionse anatulutsa Jade. Mwa nthawi zonse wotuluka amalandiridwa ndi chikhamu cha anthu okuwa panja pa nyumba, koma usiku umenewo chikhamucho anachiletsa poopa chipwirikiti, ndipo Jade anatsika masitepe kuli zii. Woulutsa pulogalamuyo, Davina McCall, anamuonetsa zithunzi za zomwe ananena. Pa 28 Januwale Shilpa anapambana ndi mavoti 63 pa 100 alionse, woimba wa ku America Jermaine Jackson n'kukhala wachiwiri. Manyuzipepala anaomba m'manja kuti Britain yaonetsa kuti si dziko la tsankho.

Apa ndi pomwe ine mtima umandikayikitsa. Mkwiyo wa anthu unali woyenera, ndipo popanda iwo palibe chikanachitika. Koma taonani komwe unakagwera. Manyuzipepala omwe aja amene anamutcha Jade nkhumba mu 2002, n'kumukweza pamene ankawagulitsira makope, anamubwereranso ndi mitu yonyoza nkhope yake, thupi lake, umbuli wake ndi dera lomwe anakulira. Anthu amene ankati akudana ndi kunyoza munthu chifukwa cha kumene anachokera ankanyoza Jade chifukwa cha kumene anachokera. Analandira mauthenga omuopseza kuti amupha, ndipo anakagonekedwa kuchipatala cha anthu ovutika maganizo. Jo O'Meara naye anadwala maganizo kwambiri. Panalinso mfundo ina yomwe ambiri sankafuna kuimva chifukwa inkasokoneza nkhani: bambo ake a Jade anali a magazi osakanikirana, agogo ake aamuna anali munthu wakuda wa ku zilumba za Caribbean. Izi sizimuchotsera mlandu, munthu wa khungu lililonse atha kunyoza mtundu wina. Zimangoonetsa kuti tsankho lomwe linatuluka pakamwa pake silinali lake yekha. Analitola m'misewu momwe anakulira, m'nthabwala zomwe anthu ambiri omwe ankamuvotera kuti atuluke anasekapo. Kumusenzetsa mtsikana mmodzi wosaphunzira katundu yense kunapatsa dziko mpata wosamba m'manja mosavuta.

Apolisi a ku Hertfordshire anafufuza nkhaniyi, koma palibe amene anazengedwa mlandu. Amene anapezeka wolakwa ndi Channel 4. Mu Meyi 2007 Ofcom inatulutsa chigamulo chake, ndipo n'chofunika kuchimvetsa bwino chifukwa ambiri amachipotoza. Ofcom sinanene kuti kuonetsa tsankho pa kanema n'koletsedwa. Inati nyumba youlutsa mawu itha kuonetsa zinthu zokhumudwitsa, malinga ngati yaziika m'malo mwake moti woonera aone kuti khalidwelo likutsutsidwa. Kulakwa kwa Channel 4 kunali pa zinthu zitatu: mawu a kaphikidwe ka ku India, mawu oti Shilpa abwerere kwawo, ndi dzina la Poppadom lija. Zinaulutsidwa popanda Big Brother kudzudzula eni ake mokwanira ndi mwa nthawi yake. Chilango chinali choti Channel 4 iulutse chigamulocho katatu, kuphatikizapo poyambirira penipeni pa Big Brother yotsatira.

Kafukufukuyu anavumbulanso china. Panali zojambulidwa zomwe sizinaonetsedwe, momwe ena a gulu lija ankapeka kandakatulo usiku, akuzungulira liwu lachipongwe lija popanda kulitchula, aliyense akudziwa liwu lomwe likusoweka. Ogwira ntchito ena anaziona koma uthenga sunafike msanga kwa akuluakulu a Channel 4, omwe panthawiyo ankauza dziko kuti palibe umboni wa tsankho loonekeratu. Choncho funso lomwe anthu anakangana sabata yathunthu, loti kodi ndi tsankho kapena ayi, yankho lake linali pa tepi.

Phunziro lomwe opanga pulogalamu anatolapo linaoneka patangotha masabata ochepa. Mu Juni 2007, mu Big Brother ya anthu wamba, mtsikana wa zaka 19, Emily Parr, anatchula liwu lonyoza anthu akuda polankhula ndi mnzake wakuda, Charley Uchea. Opanga pulogalamu anadzutsa Emily usiku n'kumutulutsa nthawi yomweyo. Lamulo linakhala losavuta: ukatchula liwu loletsedwa, wapita. Ndi lamulo labwino, koma limagwira tsankho losavuta kugwira. Zomwe zinamuchitikira Shilpa pamaso pa oonera zinalibe liwu loletsedwa ngakhale limodzi.

Ku America zinadzaonekanso mu 2013, pa Big Brother ya kanema wa CBS. Aaryn Gries ananena za mnzake wa makolo a ku Korea, Helen Kim, kuti atseke pakamwa apite akaphike mpunga. Chakudya chomwe chija. Iye ndi GinaMarie Zimmerman ankanyozanso Candice Stewart, mtsikana wakuda, mpaka kumugubuduzira matiresi ake pansi. Kusiyana kwake n'koti CBS poyamba sinkaonetsa zimenezi pa pulogalamu ya madzulo. Anaziulula ndi anthu omwe ankalipira kuti azionera makamera a m'nyumbamo usana ndi usiku pa intaneti. Iwowa ankadula tizidutswa n'kumatifalitsa, akufunsa chifukwa chomwe kanema akuwaonetsera atsikanawa ngati anthu abwinobwino. Ndiye Channel 4 inalakwa poonetsa osadzudzula, CBS inalakwa pobisa. Onse awiri, Aaryn ndi GinaMarie, anachotsedwa ntchito ali m'nyumbamo osadziwa, koma pulogalamu sinawatulutse, ndipo GinaMarie anafika pa nambala yachiwiri n'kulandira madola 50,000.

Kusintha kwenikweni kumeneko kunabwera pamene anakhudza kasankhidwe ka olowa. Mu 2020, dziko litatekeseka ndi imfa ya George Floyd, munthu wakuda yemwe anaphedwa ndi wapolisi, CBS inalonjeza kuti theka la olowa m'mapulogalamu otere lidzakhala la anthu omwe si azungu. Chaka chotsatira anthu akuda asanu ndi mmodzi anapangana mwachinsinsi m'nyumbamo kuti asavoterane, onse anafika kumapeto, ndipo Xavier Prather anakhala munthu wakuda woyamba kupambana Big Brother ya anthu wamba ya ku America, pa ulendo wa nambala 23. Azungu ena anakuwa kuti limenelo ndi tsankho nalonso. Sindinawamve akukuwa zaka zonse zija pamene munthu wakuda ankalowa yekha kapena awiri n'kutulutsidwa koyambirira.

Tisanaloze chala kutali, mawu a mayi ake a Jade aja akutikhudza. Ku Limbe kapena ku Area 2 ku Lilongwe, ndi angati mwa ife amene timadziwa dzina la mwini sitolo yemwe takhala tikugulako zaka khumi? Timangoti kwa Mmwenye, kwa Mtchaina, kwa Mburundi. Mbiri yake ndi yosiyana ndi ya ku Britain, ndipo madandaulo a antchito a m'masitolo ena pa momwe mabwana awo amawaonera ndi nkhani yoona payokha. Komabe amene anakhalako ku Johannesburg n'kumva akutchedwa kwerekwere chifukwa cha kalankhulidwe kake akudziwa kuwawa kwa kulandidwa dzina.

Celebrity Big Brother sinaonetsedwe mu 2008. Shilpa Shetty anatuluka ali wotchuka kuposa kale, anakalandiridwa ku Nyumba ya Malamulo ya Britain n'kukumana ndi a Blair, ndipo ananena poyera kuti anamukhululukira Jade. Jade anapita ku India kukapepesa. Mu Ogasiti 2008 analowa Bigg Boss, Big Brother ya ku India, yomwe woulutsa wake chaka chimenecho anali Shilpa yemweyo. Atangokhalamo masiku awiri anamuitanira m'kachipinda kaja kuti alandire foni yochokera kwa dokotala wake ku London. Anamuuza kuti zoyeza zasonyeza khansa ya khomo la chiberekero. Makamera anali akujambula.

Jade anamwalira pa 22 Malichi 2009 ali ndi zaka 27, atagulitsa zithunzi za ukwati wake ndi za matenda ake kuti asiyire ana ake awiri ndalama za sukulu. M'miyezi imeneyo amayi ambiri a ku Britain anakhamukira kuzipatala kukayezetsa khansa, ndipo manyuzipepala omwe aja anamulemba ngati ngwazi.